Livesi ndi Galimoto ya Adokotala a Mano

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona m'bala ina ya kuseri kwa msika, Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo. Pa tebulopo panali mabotolo asanu ndi limodzi, amuna atatu, ndi nzeru zosakwana kudzaza chitsekerero cha botolo limodzi.

Mkulu wa gululi ankatchedwa Jenerali. Usilikali sanaulowepo. Dzinali analitolera pa jekete lobiriwira la matumba ambiri limene sankalivula ngakhale kutenthe chotani. Tsiku limeneli tsaya lake linali litatupa ngati wabisa dzira mkamwa, ndipo mowa ankaumwera mbali imodzi.

Wachiwiri anali Sipanala, makaniko wa pakamwa. Anagwirapo ntchito m'magalaja atatu ndipo konseko anamupirikitsa. Komalizako anakonza galimoto ya munthu n'kutsala ndi mabawuti odzaza beseni. Mwini wake atafunsa, iye anati opanga galimotoyo anachita kuwonjeza.

Wachitatu anali Livesi. Uyu ndiye anali dalaivala weniweni, woti anayendetsa minibasi zaka zisanu ndi zinayi osagunda ngakhale nkhuku. Koma tsiku lina pa siteji anaika giya yobwerera m'mbuyo akuganiza kuti ndi yoyamba, nalowa ndi minibasi yonse m'shopu ya mazira. Palibe munthu anavulala, koma mazira sanapulumuke ndi limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linaiwalika, ndipo ngakhale wilibala anthu ankamubwereka monyinyirika.

"Amwene, dilu iyi ndaikhetsera magazi," anatero Jenerali akuloza tsaya. "Ndinapita kwa adokotala a mano aja ngati wodwala, kukafufuza. Andifunsa, likupweteka ndi liti? Ine n'kungoloza lililonse. Iwo akuti ili lili bwino, koma loyandikana nalo ndi lowola. Ndisanatsutse n'komwe, dzino lili m'mbale."

"Ndiye mwabwerako ndi chiyani kupatula bowo?" anafunsa Livesi.

"Zonse. Ndili chigonere pa mpando paja, mayi dokotalayo analandira foni ya makaniko wawo. Loweruka kuli mpikisano wa galimoto. Iwo alawirira ku bwalo, kumsonkhano wa madalaivala. Galimoto yawo ya mpikisano itsala kunyumba. Makaniko akaitenga teni koloko pa ngolo yake yonyamulira galimoto. Kiyi ali ndi bambo awo, madala opuma pa ntchito. Ife tifika naini. Ndife anyamata a makaniko. Madala atipatsa kiyi ndi manja awiri, ife ulendo kuseri kwa njanji. Kumeneko kuli munthu wa tayi akutidikira. Iye galimoto sakuifuna kwenikweni, akufuna injini. Akuti ndi ya rotale."

"Rotale?" Sipanala anaseka moderera. "Zimenezo ndazimasula zosawerengeka. Ndi injini ngati zinazi, kungoti iyo imazungulira."

"Nanga zinazi sizizungulira?" anafunsa Livesi.

"Iwe gwira chiwongolero. Za zitsulo utisiyire eni ake."

Livesi anayang'ana botolo. Galimoto imeneyi ankaidziwa. Kawirikawiri ankaima kunja kwa waya wa bwalo la mpikisano, poti ya pachipata analibe, n'kumaiona ikudutsa ngati mphenzi, kulira kwake kosiyana ndi zina zonse. Zinazo zinkabangula, iyo inkachita ngati mavu okwiya atsekeredwa m'chitini. Kuba sankakufuna. Koma kuigwira chiwongolero kamodzi kokha, ngakhale mphindi khumi, mtima wake unkachita kulumpha.

"Ndili momwemo," anatero.

Mabotolo anagundana. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Loweruka m'mawa mkazi wa Livesi, telala wa pakhonde, anamusitira shati yoyera mpaka kolala inaima yokha. Mwamunayo anali atamuuza kuti akukayesedwa ntchito ya udalaivala.

"Bambo a kunyumba, mumve bwino," anatero mkaziyo akumumanga batani la pakhosi. "Mukabwera ndi ntchito, mupeza chitseko chotsegula. Mukabwera opanda ntchito, mupezabe chotsegula. Koma ndikadzamva kuti munali ndi wa jekete lobiriwira uja, mudzapeza chikwama chanu pakhonde."

"Ameneyo ndinasiyana naye kalekale," anatero Livesi, maso ali pa nsapato.

Wa jekete lobiriwira uja anali akumudikira pa kona ndi maovolosi atatu obwereka. Ya Livesi inali yaifupi miyendo, ya Sipanala inalembedwa dzina la kampani yopha mphemvu kumsana. Jenerali anavala yake pamwamba pa jekete, nanyamula kathabwa kopanira mapepala kuti azioneka munthu wa ofesi. Pepala lake linali lopanda kanthu.

Anapeza bambo a adokotala akuthirira maluwa, atavala tayi ndi masilipasi. Anali mkulu wamtali, wa imvi mbuu, mphunzitsi wopuma.

"Tatumidwa ndi amakaniko, bambo," anatero Jenerali ndi mawu aulemu amene anawayeserera masiku awiri. "Tadzatenga galimoto."

"Mulungu ndi wabwino!" anafuula mkuluyo, paipi ya madzi n'kugwa pansi. "Angoimba kumene amakanikowo kuti ngolo yawo yaphulika matayala awiri, ayesetsa kupeza njira ina. Kani njira yake ndi inu? Lowani, ana anga, lowani!"

Jenerali anatsinzinira anzake diso. Mwayi wotere ankaumva m'nkhani za anthu ena.

Chitseko cha galaja chitakwera, Livesi anaiona galimoto ija. Inali pomwepo, yachikasu ngati dzungu lakupsa, yogwada pansi moti mphaka sakanadutsa kunsi kwake. Pa chitseko panali nambala 47. Kumbuyo inali ndi phiko lalikulu ngati thabwa lositira, ndi paipi ya utsi yoti munthu n'kulowetsamo chibakera. M'kati munalibe kapeti, munalibe wailesi, munali mapaipi achitsulo opingasana ngati khola ndi mipando iwiri yopapatiza.

Kulowa kokhako inali ntchito. Livesi anayamba ndi mutu, zinakanika. Anayamba ndi mwendo, ovolosi inang'ambika. Atakhazikika, mkulu uja anamumanga malamba asanu okumana pamchombo, namuonetsa batani loyatsira.

Livesi anadina.

Braaap! Brap-brap-brap-brap!

Malata a galaja ananjenjemera. Zitini za penti zinavina pa shelefu. Agalu a msewu wonse anayamba kuuwa nthawi imodzi, ndipo galimoto ziwiri za aneba zinayamba kulira ma alamu. Jenerali, amene pa pulani yake analemba m'mutu kuti achoka mwakachetechete, anaona makatani akusuntha m'mazenera a nyumba zonse.

"Zimitsa! Zimitsa, chitsiru iwe!" anakuwa akugogoda denga.

Livesi anazimitsa. Kunagwa bata. Mkulu uja anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mwaizimitsa isanatenthe? Amakaniko sanakuuzeni? Imeneyi saiyatsa n'kuizimitsa ili yozizira. Imakhuta petulo, ndiye ikakhuta imanyanyala ngati mwana wolandidwa chidole."

"Timadziwa, bambo," anatero Sipanala. "Timangoiyesa."

Livesi anadinanso batani. Injini inangoti wiii-wiii-wiii, yopepuka ngati makina osokera. Anadinanso. Wiii-wiii. Galaja yonse inadzaza fungo la petulo.

"Tapatukani, ndione," Sipanala anapinda manja a ovolosi. Anafunafuna chotsegulira boneti pansi pa chiwongolero, sanachipeze. Anazungulira kunja, naona kachogwirira kofiira pafupi ndi galasi lakutsogolo, nakapotokola. Timagetsi tonse ta m'kati tinazima.

"Mwadula magetsi a galimoto yonse," anatero mkuluyo modekha, ngati akuwongolera mwana wa sitandade wanu, akubwezera kachogwirira kaja. "Boneti ili ndi maloko ake awa, ndipo makiyi ake sachoka m'khosi mwa mwana wanga. Safuna munthu azigwiragwira injini yake. Apa mankhwala ndi amodzi. Tikankhe."

Thandizo silinachite kuitanidwa. Pa geti panali patadzaza kale anthu. Msewu wonsewo unali wa ochemerera adokotala: wometa, amayi a saluni ndi makasitomala awo mitu ili hafu, alonda awiri, wophika buledi ndi epuloni yake. Ena anali atavala malaya achikasu. Jenerali anakokera chipewa kumaso, koma wometa anamugwira dzanja n'kumupatsa moni wa dzanja lonse.

"Inu ndi anyamata atsopano a timu yathu? Tijambulitse!"

Ndipo anawajambula, atatu onse, kutsogolo ndi cham'mbali, ngati mmene amachitira kupolisi.

Anaitulutsa mumsewu. Amuna khumi anagwira, amayi akuwerenga. Jenerali, pofuna kuoneka mtsogoleri, anasankha malo a pakati penipeni kumbuyo, miyendo itatangadza paipi ya utsi ija.

"Giya yachiwiri!" anafuula mkulu uja akuthamanga cham'mbali ndi masilipasi. "Pondani mafuta mpaka pansi! Tsopano siyani kilatchi!"

Galimoto inadzuka ndi chifuwa. Inatsokomola kamodzi, kawiri, kenako kunamveka phuuu! ngati mfuti, ndipo m'paipi muja munatuluka lawi lotalika ngati mkono. Utsi woyera unaphimba msewu. Utapungulako, anthu anaona Jenerali akuvina gule wosadziwika, akudzimenya m'ntchafu, ovolosi ikufuka. Amayi ena a saluni anamukhuthulira beseni la madzi a sopo. Anthu anaomba m'manja, osadziwa kuti akuombera injini kapena gule.

Livesi anaima patsogolo pang'ono, phazi lili pa mafuta kuti isazimenso. Apa ndiye panali poti Jenerali alowe, athawe. Koma chitseko chinatsegulidwa ndi munthu wina. Mkulu uja analowa mwaukatswiri, mwendo, thako, mutu, atavala chipewa cholimba cha mpikisano pamwamba pa imvi zake.

"Ndimati ndikwera basi," anatero akumanga malamba. "Koma poti mpando ulipo. Tiyeni, mwana wanga."

"Nanga anzangawa, bambo?"

"Akwera ya buledi. Tonse tikupita kumodzi."

Pa galasi Livesi anaona Jenerali ndi Sipanala akukwezedwa m'galimoto ya wophika buledi pamodzi ndi khamu la malaya achikasu. Njinga zamoto zinayi zinabwera, ziwiri kutsogolo, ziwiri m'mbali, ma hutala akulira. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo, koma fisi uyu anatola fupa pamodzi ndi mwini wake, ndi mudzi wonse ukumuperekeza.

Ananyamuka. Poyamba galimoto inkadumphadumpha ngati bulu wosazolowera ngolo, koma posakhalitsa mapazi a Livesi anakumbukira ntchito yawo. Anaimvetsera. Anapeza kuti sifuna kunyengereredwa, imafuna kuimbitsidwa mokweza.

"Muli ndi dzanja labwino," anakuwa mkuluyo kuti amveke. "Ambiri imawazimira pa geti pomwe. Mukuidziwa mbiri yake?"

"Pang'ono, bambo."

"Anaigula ili chiphakasa, nkhuku zikuikiramo mazira. Zaka zitatu akuimanga. Injini anaimasulira pa tebulo lodyera, ine ndi malemu mayi ake tikudyera pamwendo. Ndinkayembekeza kuona mapisitoni, paja ndinaphunzitsapo sayansi. Mulibe! Ngakhale imodzi! M'katimo muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu, zimangozungulira m'chipinda chooneka ngati mtedza wa maso awiri. Pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kopyapyala kotseka mpweya. Iye amati ndi mano ake a injini. Likathyoka limodzi, basi, yonse imasulidwe. Mabowo olowera mpweya anawakuza yekha ndi kamakina konga kobowolera mano kaja. N'chifukwa chake imalira chonchi. Ndipo mu petulo amathiramo oyilo pang'ono, ngati mankhwala a mwana mu phala."

Pa pulani ya Jenerali panalibe tebulo lodyera, panalibe malemu mayi.

Anafika pa mphambano yaikulu. Kumanzere kunali njira ya kuseri kwa njanji, kumene munthu wa tayi ankadikira. Kutsogolo kunali njira ya ku bwalo. Livesi anasuzumira pa galasi. Jenerali anali atatulutsa theka la thupi pa zenera la galimoto ya buledi, akuloza kumanzere ndi kathabwa kake ngati akupha njuchi. Livesi anayatsa indiketa, kapena kuti anafunafuna indiketa, koma galimotoyi inalibe.

Pakati pa mphambanopo panaima wapolisi wa pamsewu wa magolovesi oyera. Anakweza dzanja. Livesi anaganiza kuti wagwidwa. Koma dzanjalo linali loimitsa galimoto zina zonse. Wapolisiyo anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, naloza dzino lakutsogolo limene linkawala kuposa anzake.

"Ili anandiika ndi adokotala!" anakuwa. "Dutsani! Mukawauze awine!"

Ndipo anawakupizira kutsogolo ndi manja onse awiri. Kukhota kumanzere kukanatanthauza kuponda wapolisi, njinga yamoto, ndi mtima wa mkulu amene anali pambali pake. Livesi anawongola.

Kupitirira mphambano kunali msewu wautali wowongoka wa m'mbali mwa mafakitale, wopanda anthu Loweruka. A njinga zamoto anapatuka. Mkulu uja anayang'ana uku ndi uku ngati mwana wofuna kuba shuga.

"Mwana wanga salola kuti ndimve liwiro lake. Akuti mtima wanga ndi wokalamba. Inu, taipondani pang'ono. Sindikanena."

Livesi anaponda. Mpando unamumenya kumsana. Kulira kuja kunakwera, kunakwera, osafika pothera, kosalala ngati mluzu, mpaka kabelu kanalira kumuuza kuti asinthe giya. Anasintha. Mitengo ya magetsi inasanduka mpanda. Mkulu uja ankakuwa ngati ali pa ukwati, ndipo Livesi anadzidzimuka atazindikira kuti nayenso akukuwa. Zaka zonse za kunyozedwa zinatsalira m'mbuyo pamodzi ndi galimoto ya buledi.

Pa chipata cha bwalo sanawafunse n'komwe. Anthu a mbendera anawalozera njira mpaka pa kashedi ka nambala 47. Pamenepo panaima mayi wamfupi, wa magalasi, atavala ovolosi ya mpikisano, foni ili kukhutu, nkhope ili gwa. Atamva kulira kwa galimoto yake anatembenuka, foni n'kutsika yokha.

"Ababa! Mwabwera bwanji? Ndipo mwakwera chifukwa chiyani?"

"Anyamata a amakaniko awa," anatero mkuluyo akutuluka, nkhope ikuwala. "Tinayenda pang'onopang'ono."

Adokotala anagwira boneti, anasuzumira pa geji ya kutentha, anamvetsera injini mutu uli chopendekera. Kenako anayang'ana Livesi.

"Amakaniko sakuyankha foni, ndimaona ngati lero ndagwa nayo. Kwatsala mphindi khumi kuti atseke kuyeza galimoto. Mwaiyendetsa ndinu kuchokera kunyumba? Sinakuzimireni?"

"Kamodzi kokha, mayi. Tinakankha."

"Kamodzi kokha! Amakaniko enieniwo imawazimira katatu. Muli pa ntchito yokhazikika kwa iwo aja?"

"Ayi, mayi. Ganyu chabe."

"Ndikufuna dalaivala. Wokoka ngolo ya galimotoyi pa mipikisano, ndi kuyendetsa ababa masiku ena onse. Mubwere Lolemba ku chipatala changa, tikakambirane."

Ntchito. Ntchito yeniyeni, ya chiwongolero, yobwera yokha ngati mvula ya m'chilimwe. Anaona kale mkazi wake akuvina pakhonde. Chimene chinatsala n'chimodzi: kutenga anzake aja mwakachetechete, kutuluka pa chipata, aliyense kwawo. Palibe chabedwa, palibe wakuba. Galimoto yafika kwa mwini wake, mwini wake wathokoza.

Galimoto ya buledi inafika. Jenerali anatsika akuyenda chotangadza, ovolosi yakuda m'ntchafu, maso ofiira ngati tsabola. Anakokera chipewa pansi kuti adokotala asazindikire tsaya lake lotupa lija. Livesi anamuthamangira.

"Akulu, tiyeni tizipita. Zatha bwino. Sakudziwa kanthu."

"Zatha bwino?" Jenerali analankhula ndi mano otsala. "Dzino langa lapita, thalauza langa lapsa, ndiye ukuti zatha bwino? Tidikira. Mpikisano ukatha, tiibweza kunyumba ndife. Pa mphambano paja ukhota."

Nthawi yomweyo kunabwera woyeza galimoto, bambo wa chipewa choyera, ndi apolisi awiri oyang'anira bata amene anangobwera kudzaonerera. Adokotala anavula kachingwe ka makiyi m'khosi, natsegula timaloko tija. Boneti inakwera.

Sipanala anadzipanikiza kutsogolo, poti katswiri sakhala kumbuyo. Anasuzumira. Anapukuta maso. Anasuzumiranso. Pakati pa mapaipi ndi mawaya panali kainjini kofupika, kobulungira, kosaposa ndowa ya madzi, katakhala pansi chakumbuyo. Kutsogolo kwake kunali malo oti munthu n'kuimamo.

"Injini ili kuti?" anafunsa.

"Ndi imeneyo," anatero woyeza.

"Iyi ndi hafu! Hedi ili kuti? Mapisitoni akhala pati?" Anatembenuka pang'onopang'ono, mpaka chala chake chinaloza Livesi. "Iwe. N'chifukwa chake unatithawa pa mafakitale paja."

"Sipanala, khala chete," ananong'ona Livesi. "Imakhala choncho. Ilibe mapisitoni."

"Ilibe mapisitoni! Mukumumva, Jenerali? Akuuza ine, makaniko, kuti galimoto ilibe mapisitoni! Ndiye imayenda ndi chiyani, mapemphero? Mfana uyu watidyera masuku pamutu! Waima penapake, wamasula hafu ya injini, wabisa!"

"Mphindi zitatu zomwe zija? Ndi boneti yokhoma? Ndikukupempha, tseka pakamwa."

Koma Jenerali anali atasuzumira naye, ndipo ngakhale iye sankadziwa kusiyana kwa injini ndi chigayo, anaona kuti chinthucho n'chaching'ono poyerekeza ndi mavuto amene anachivutikira. Magazi anamukwera kumutu. Anagwira Livesi pa kolala yosita ija.

"Galu iwe! Tinapangana chiyani? Tinati tikaiba, tikaipereka yathunthu kwa munthu wa tayi, tigawana mofanana! Ine ndazulitsa dzino kuti ndimve za kiyi, ndapsa ndi moto, iwe n'kumatibera ife akuba anzako? Ulibe manyazi?"

"Ndipo wagawana ndi madalawa!" anawonjezera Sipanala. "Taonani mmene akusekerera!"

Pa shedi ponse anthu anatembenuka. Woyeza galimoto anatsitsa cholembera. Wophika buledi anasiya pakamwa pululu. Apolisi awiri aja anayang'anana ngati anthu amene nkhuku yawagwera m'mbale ili yootcha kale. Khoswe wa padenga anali ataulula wa padzala, n'kudziulula yekha pamodzi.

Adokotala anayandikira Jenerali, namuvula chipewa ndi zala ziwiri.

"Tatsegulani pakamwa."

Jenerali, mwa chizolowezi cha wodwala, anatsegula.

"Lachitatu, dzino lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndinakuuzani kuti musamwe mowa masiku atatu. Mwamwa." Anatembenukira kwa Sipanala. "Ndipo inu akatswiri, injini yanga ndi yathunthu. Mapisitoni sinabadwe nawo. Mukanafunsa mwana aliyense wa pa waya apo akanakuuzani."

Sipanala anayesa kuthawa, koma anakodwa mu paipi ya mpweya n'kugwera mu mulu wa matayala, miyendo m'mwamba. Anamuzula ngati chinangwa. Jenerali anayamba kufotokoza kuti mawu oti kuba anawanena mophiphiritsa, koma unyolo unali utalira kale. Livesi sanathawe. Anangopereka manja, maso ali pansi, osatha kuyang'ana mkulu uja.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo mwachisoni, "ndiye pa mphambano paja mumafuna kukhota?"

"Ndimafuna, bambo."

"Nanga bwanji simunakhote?"

"Munali mutandiuza za tebulo lodyera."

Mkuluyo anakanda imvi zake, nayang'ana mwana wake. Adokotala anali akuvala magolovesi, poti mpikisano sudikira akuba.

Apolisi anawakweza atatuwo m'galimoto yawo ya waya kumbuyo, koma sananyamuke. Ndani angachoke mpikisano ukuyamba? Anaiimika pafupi ndi kona yomaliza, pamalo abwino kuposa a anthu olipira. Motero Livesi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anaonera mpikisano ali m'kati mwa bwalo.

Galimoto khumi ndi ziwiri zinanyamuka. Yachikasu inayamba ili yachisanu. Pa ulendo wachitatu inali yachinayi. Inkalowa m'kona mochedwa kuponda mabuleki kuposa zonse, ikulavula malawi, n'kutuluka ikulira nyimbo yake ija. Jenerali anakhala pakona atafumbata tsaya, akutukwana aliyense kuyambira munthu wa tayi wa kuseri kwa njanji uja mpaka amene anayambitsa mano. Sipanala ankauza wapolisi kuti nkhaniyi ikafufuzidwe bwino, chifukwa iye sakukhutirabe. Koma Livesi anali atakanirira zala pa waya, mphuno itaphwatalala.

"Mkati, mayi! Mulowereni mkati! Musasinthe giya, dikirani belu! Tsopano!"

Pa ulendo womaliza yachikasu inali yachiwiri, mphuno yake itagunda pafupifupi kumbuyo kwa galimoto yakuda yaikulu. Pa kona yomaliza, pamaso pawo penipeni, yakudayo inatsetsereka pang'ono, ndipo yachikasu inalowa pa kampata koti ngakhale njinga ikanakayika. Mbendera inagwa. Bwalo linaphulika. Livesi analumpha mpaka mutu unagunda denga, apolisi akumukumbatira kudzera pa waya.

Mlandu sunatenge nthawi, poti zithunzi za wometa zinalipo, mboni zinali msewu wathunthu, ndipo oimbidwa mlandu anali ataulula okha pamaso pa anthu mazana. Jenerali ndi Sipanala anapita kukapuma zaka ziwiri. Livesi anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa mkulu uja anabwera m'khoti atavala tayi n'kulankhula mphindi makumi anayi, mpaka woweruza anagonja kuti apeze mpata wa nkhomaliro. Mkazi wake anabwera kudzamuona kamodzi, osalankhula kanthu kupatula kumufunsa kuti shati yoyera ija anaisiya kuti.

Tsiku lotuluka, Livesi anaima pa chipata cha ndende ndi kajumbo kake, osadziwa kolowera. Tsidya la msewu panaima galimoto yonyamula katundu, yokoka ngolo, ndipo pa ngolopo panali chinthu chofunditsidwa lona, phiko likutulukira kumbuyo. Adokotala anatsitsa galasi. Pambali pawo panali bambo awo, akukupiza dzanja ngati alandira mwana wochokera ku sukulu yogonera komweko.

"Ababa akana madalaivala anayi," anatero adokotala, nkhope ili gwa. "Akuti onse amayendetsa ngati anyamula maliro. Ine sindinakukhululukireni. Koma tili ndi mpikisano mawa, ndipo ulendo ndi wautali. Mugwira chiwongolero cha iyi yokokayi. Ya kumbuyoyo mukangoiyang'ana nthawi yaitali, ndikuzulani mano onse popanda jakisoni. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

Livesi anakwera. Anakonza galasi, anamanga lamba, analiza injini. Mkulu uja anamuweramira kukhutu.

"Akagona uyu," ananong'ona, "muiponde pang'ono."